Myles Keogh, mwana wa ku Carlow amene anathera moyo wake pa nkhondo za eni

Myles Keogh anakhala ndi moyo zaka 36 zokha, ndipo 16 mwa zakazi anazithera pa usilikali. Anamenyera Papa nkhondo ku Italy. Anamenyera boma la Abraham Lincoln pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Kenako anakafera pa chitunda china ku Montana pa 25 Juni 1876, akuthira nkhondo anthu a mitundu ya Lakota ndi Cheyenne, eni nthaka a ku America, amene analibe naye mlandu uliwonse. Ireland, dziko limene mchombo wake unagwera, sanalimenyerepo nkhondo n'kamodzi komwe.

Ambiri amamudziwa chifukwa cha tsiku limene anafa, komanso chifukwa cha kavalo wake. Koma moyo wake umatiphunzitsa zambiri za ntchito yeniyeni ya msilikali wapakavalo m'zaka zimenezo, ntchito imene ambiri timaiganizira molakwika. Luso limene Keogh anaona likupulumutsa gulu lonse lankhondo ku Gettysburg mu 1863 ndi lomwelo limene linamugwiritsa fuwa lamoto patapita zaka 13, ndipo chifukwa chake n'chomveka munthu akadziwa mmene ankamenyera.

Kwawo

Anabadwa pa 25 Malichi 1840 ku Leighlinbridge, m'chigawo cha Carlow, m'banja lalikulu la Chikatolika. Ali ndi zaka zisanu, matenda anagwira mbatatesi, chakudya chimene osauka a ku Ireland ankadalira, ndipo njala imene inatsatira inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, enanso ochuluka chimodzimodzi n'kuthawira kunja. A Keogh sanali m'gulu la osowa pogwira. Anali ndi munda wabwino ndipo ankalima kwambiri balere, moti njalayo sinawaphwanye ngati anzawo a kumadzulo kwa chilumbacho. Ndikunena izi chifukwa nthano yoti Keogh anathawa umphawi si yoona. Anali mwana wa anthu opeza bwino, wophunzira, wokonda kutchena, wofuna dzina.

Vuto lake linali loti pa munda panali ana ambiri, ndipo mnyamata wamng'ono m'banja lotere sankayembekezera kulowa m'malo mwa bambo ake. Kulowa usilikali wa Britain kunali kotheka, ndipo anyamata a ku Ireland zikwizikwi ankalowadi, koma banja ili linali ndi chilonda: m'bale wa bambo ake, Patrick, anaphedwa ndi boma ku Carlow pambuyo pa kuukira ulamuliro wa Britain kwa mu 1798. Komanso a ku Ireland anali ndi mwambo wakale, woyambira m'zaka za m'ma 1600, wopita kukagwira usilikali kwa mafumu Achikatolika a ku France, Spain ndi Austria. Choncho ansembe atayamba kulengeza m'matchalitchi mu 1860 kuti Papa akufuna anyamata, Keogh wa zaka 20 sanachedwe.

Nkhondo ya Papa

Pa nthawiyo Papa sanali mtsogoleri wa mpingo chabe. Anali wolamulira dera lalikulu la pakati pa Italy, lokhala ndi mizinda, misonkho ndi asilikali ake. Ufumu wa Piedmont-Sardinia unkafuna kugwirizanitsa Italy yense kuti akhale dziko limodzi, ndipo dera la Papa linali pakatikati, kutsekereza njira. Papa Pius IX anapempha Akatolika a mayiko ena kuti adzamuteteze. Ochokera ku Ireland anapita oposa 1,000, ndipo anawaika m'gulu lotchedwa dzina la Patrick Woyera, pansi pa Meja Myles O'Reilly. Lamulo la Britain silinkalola kulemba anthu usilikali wa dziko lina, ndiye ambiri ananyamuka mobisa, timagulutimagulu.

Keogh anapatsidwa udindo wa lefitenanti n'kutumizidwa ku Ancona, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ya Adriatic. Nkhondoyo sinatenge nthawi. Asilikali a Papa, motsogozedwa ndi Jenerale Lamoricière wa ku France, anagonja ku Castelfidardo pa 18 Seputembala 1860, ndipo Ancona anazingidwa kumtunda ndi kunyanja mpaka kugwa mweziwo usanathe. Keogh anagwidwa n'kusungidwa kwa kanthawi ku Genoa. Ambiri mwa anzake atamasulidwa anabwerera kwawo, koma iye anapita ku Rome kukalowa kagulu ka a ku Ireland kamene kanatsala m'gulu la asilikali a Papa. Analandira mamendulo awiri, ya Pro Petri Sede ndi ya Gregory Woyera.

Ku Rome kunalibe nkhondo, kunali kulondera ndi maperete. Nthawi yomweyo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic zinthu zinali zitavuta. Zigawo za Kummwera kwa America zinali zitadzipatula pofuna kusunga ukapolo, ndipo boma la Kumpoto linali ndi anyamata ambirimbiri koma maofesala odziwa ntchito ochepa. Nduna yoona za kunja, William Seward, inatuma Arkiepiskopi John Hughes wa ku New York kupita ku Ulaya, ndipo kudzera mwa atsogoleri a mpingo ngati ameneyu, maofesala ena a Papa anakopeka. Keogh anafika ku New York mu Epulo 1862. Anzake awiri a ku Italy, Daniel Keily ndi Joseph O'Keeffe, nawonso analowa, ndipo onse atatu anapatsidwa ukaputeni.

Kavalo ndi wa chiyani pa nkhondo

Tikamva za asilikali apakavalo, m'maganizo mumabwera anthu othamangitsa akavalo atasolola malupanga, kulunjika pa mdani. Zimenezo zinkachitikabe, koma pofika m'ma 1860 mfuti za asilikali oyenda pansi zinali zitayamba kulasa patali ndithu, moti kuthamangira mzere wa anthu oterowo uli pamsana pa kavalo kunali kudzipereka nsembe. Ntchito yaikulu inasintha. Apakavalo anakhala maso a gulu lankhondo: kupita patsogolo kukaona kumene mdani ali ndi kuchuluka kwake, kutchinga kuti apakavalo a mdani asaone zimene anzawo akuchita, kulowa kumbuyo kwa mdani kukazula njanji, kutentha milatho ndi kudula mawaya a telegalafu.

Ikafika nthawi yoima n'kumenyana, kawirikawiri ankatsika. Asilikali ankawerengana anayianayi. Atatu ankatsika n'kupita kutsogolo ndi mfuti, kuima motalikirana mamita angapo, ndipo wachinayi ankatsala kumbuyo atagwira akavalo onse anayi. Mfuti zawo zinali zazifupi, zolowetsera chipolopolo chakumbuyo, zimene munthu ankatha kudzaza atagwada kapena atagona pansi, pamene woyenda pansi ankafunika kuthira onga kukamwa kwa mfuti n'kusinja ndi kamtengo kachitsulo. Choncho anthu ochepa ankatha kuomba mofulumira n'kuoneka ngati ambiri. Koma onani mtengo wake: pa anthu 100 alionse, 25 sankaombera. Ndipo moyo wa onse unali m'manja mwa ogwira akavalo aja. Akavalo akathawa, wapakavalo amasanduka woyenda pansi wopanda pothawira, zipolopolo zake zapadera zitapita ndi chishalo.

Kavalo ndi nyama yosachedwa kufooka. Pa tsiku ankayenera kupatsidwa udzu wouma pafupifupi makilogalamu 6 ndi chimanga kapena mbewu zina makilogalamu 5, kumwetsedwa, kupesedwa, kukhomedwa zitsulo kumapazi. Pa nkhondo yapachiweniweniyi akavalo ndi nyulu oposa miliyoni imodzi anafa, ambiri osati ndi zipolopolo koma njala, matenda ndi kutopa. Ofesala wabwino ankadziwika ndi mmene misana ya akavalo a gulu lake inalili.

Keogh pa nkhondo yonseyi sanali mtsogoleri wa gulu lakelake. Anali wothandizira majenerale. Kunalibe wailesi, ndiye lamulo la jenerale linkayenda ndi munthu wokwera kavalo, amene ankadutsa pomwe zipolopolo zikugwa, kukafotokoza lamulolo molondola, kuona mmene zinthu zilili n'kubwerera ndi uthenga woona. Nthawi zina ankamutuma kukatsogolera kagulu kamene kasokonezeka. Anayambira kwa Jenerale James Shields, wobadwiranso ku Ireland, m'chigwa cha Shenandoah. Ku Port Republic mu Juni 1862 apakavalo a Kumpoto analowa m'tauni modzidzimutsa, ndipo Stonewall Jackson, jenerale wotchuka wa Kummwera, anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Keily anavulazidwa kwambiri kumeneko. Keogh anagwirako ntchito kwa Jenerale George McClellan wa Kumpoto pa nthawi ya nkhondo ya ku Antietam, kumene mmodzi mwa othandizira anzake anali kaputeni wachinyamata wa tsitsi lalitali, George Armstrong Custer.

Koma munthu amene anamuumba ndi John Buford.

Gettysburg

Buford anali wosalankhulalankhula, wosakonda zodzionetsera, wodziwa kuwerenga malo. Keogh anali naye ku Brandy Station pa 9 Juni 1863, nkhondo yaikulu koposa ya apakavalo m'mbiri ya America, kumene O'Keeffe anavulala n'kugwidwa. Patangopita masabata atatu, pa 30 Juni, Buford analowa m'tauni ya Gettysburg ku Pennsylvania ndi apakavalo osakwana 3,000. Anaona misewu yambiri ikukumana pa tauniyo, anaona zitunda za kummwera kwake, n'kuzindikira kuti amene ayambe kukwera zitundazo ndiye adzagwire mpini. Asilikali oyenda pansi a Kummwera anali pafupi, a Kumpoto anali adakali m'njira.

M'mawa wa pa 1 Julayi anatsitsa anthu ake pa akavalo n'kuwayala pa zitunda za kumadzulo kwa tauni, ndi mizinga isanu ndi umodzi yokha. Gulu la Jenerale Henry Heth wa Kummwera, la anthu pafupifupi 7,000, linabwera ndi msewu wochokera ku Chambersburg. Buford sankafuna kuwagonjetsa, ankangofuna kuwadyera nthawi. Mzere wake ukaomba, a Heth ankaima, kuchoka mumsewu, kudziyala m'mizere yankhondo, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Akayandikira, apakavalo aja ankabwerera pa chitunda china n'kuyambiranso. Anachita zimenezi kwa maola angapo mpaka asilikali oyenda pansi a Jenerale John Reynolds anafika. Reynolds anaphedwa m'mawa womwewo, ndipo pofika madzulo a Kumpoto anathamangitsidwa m'tauni, koma anakaima pa zitunda zija, pamene kwa masiku awiri otsatira Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a Kummwera aja, analephera kuwasuntha.

Zinthu zitatu zinathandiza Buford. Mdani ankachokera mbali imodzi yodziwika, akuyenda m'mizere. Akavalo anali pabwino kuseri kwa chitunda. Ndipo thandizo linali m'njira, aliyense akudziwa kuti likubwera. Tizisunge zitatuzi.

Buford sanaone mapeto a nkhondo. Anadwala taifodi n'kumwalira ku Washington pa 16 Disembala 1863, Keogh ali pambali pake, ndipo anaperekeza maliro mpaka ku manda a pa sukulu ya usilikali ya West Point. Atatero anapita kwa Jenerale George Stoneman, amene mu Julayi 1864, Jenerale William Sherman wa Kumpoto atazinga mzinda wa Atlanta, anapempha chilolezo choti akazule njanji kenako akamasule akaidi ankhondo ku Macon ndi ku Andersonville. Ulendowo unathera m'mavuto. Anazingidwa pa Sunshine Church pa 31 Julayi, ndipo Stoneman anatsala ndi anthu mazana angapo kuti atchingire ena athawe. Keogh anatsala naye, onse n'kugwidwa. Anakhala mkaidi pafupifupi miyezi iwiri, mbali ina ku Charleston kumene mizinga ya a Kumpoto omwe inkagwetsa mabomba mumzindamo, mpaka Sherman anakonza zosinthana akaidi. Anabwerera pa chishalo, ndipo mu Epulo 1865 anali kutsogolo pamene a Stoneman analanda Salisbury ku North Carolina. O'Keeffe anavulazidwanso ku Five Forks nkhondo itangotsala masiku ochepa, n'kumwalira mu Meyi. Keily anafa ndi matenda ku Louisiana mu 1867. Pa atatu a ku Rome aja anatsala yekha.

Mtendere wopanda pokhala

Nkhondo itatha, gulu la asilikali pafupifupi miliyoni imodzi linaphwasulidwa. Mu 1866 anatsala oposa pang'ono 50,000, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1870 anali pafupifupi 25,000. Maofesala ofuna kutsala anali ambiri kuposa mipando, ndiye aliyense anatsika. Custer, amene anali meja jenerale, anakhala lefitenanti kenelo. Keogh, amene anafika pa umeja ndipo anali ndi udindo waulemu wa lefitenanti kenelo chifukwa cha kulimba mtima, anapatsidwa ukaputeni pa 28 Julayi 1866 m'gulu latsopano la apakavalo la 7th Cavalry. Udindo waulemuwu unali wa dzina chabe: anthu ankamutchula kuti Kenelo Keogh, koma malipiro ndi mphamvu zinali za kaputeni. Anakhala pa mpando womwewo zaka khumi, akutsogolera kagulu kamodzi, Company I. Kukwezedwa kunkadikira kuti wina wapamwamba afe kapena apume.

Anamutumiza ku Fort Wallace, kumadzulo kwenikweni kwa Kansas, kukateteza msewu wa ngolo wopita ku Denver umene unkadutsa pakati pa malo osakirako njati a anthu a Cheyenne. Mu 1867, Jenerale Winfield Hancock atatentha mudzi wina waukulu wa a Cheyenne ndi a Lakota, chigawo chonsecho chinayaka, ndipo kolera anawonjezera. Asilikali wamba ankalandira ndalama zochepa, madola 13 pa mwezi m'ma 1870, ndipo ambiri anali obwera kumene ochokera ku Ireland ndi Germany amene anasowa ntchito ina. Kuthawa usilikali kunali ponseponse. Keogh ankadziwika kuti ndi wovuta pa mwambo, wa mkwiyo wapafupi, ndiponso wokonda botolo. Makalata amene ankalembera abale ake ku Ireland amaonetsa munthu wosungulumwa. Sanakwatire. Pamene ankapumira mtima panali pa banja la a Martin ku Auburn, m'chigawo cha New York, limene linamulandira ngati mwana wa pakhomo.

N'zochititsa chidwi kuti pa maulendo otchuka a Custer, amene ankatsogolera 7th Cavalry ku nkhondo, Keogh sankapezekapo. Pamene Custer anaukira mudzi wa Black Kettle, mfumu ya a Cheyenne, pa mtsinje wa Washita mu Novembala 1868, iye anali pa ntchito ina. Kumayambiriro kwa m'ma 1870 anali ku Kentucky, kumene asilikali ankalimbana ndi a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, ndi otcheza kachasu mozemba msonkho. Mu 1873 ankaperekeza oyeza malire a America ndi Canada. Mu 1874 anali patchuthi ku Ireland, kumene anasiyira mlongo wake Margaret malo a ku Kilkenny amene analandira ngati cholowa kuchokera kwa abale a mayi ake. Akanafuna akanakhala pa malowo n'kumalima. Anabwerera ku America.

M'makalata ake sitiona munthu wovutika mumtima ndi zimene boma linkachitira eni nthaka, ngakhale kuti iye ankachokera ku dziko limene anthu ake analandidwa minda ndi atsamunda. Ena amafuna kumupanga ngwazi yomvetsa chisoni, ena chigawenga. Ine ndimaona munthu wa ntchito, amene anasankha usilikali ngati njira yokwerera, ndipo funso loti nkhondoyi ndi ya chilungamo kapena ayi analisiyira olemba ntchito. Ku Virginia ndi ku Georgia mwambo umenewu unamuika kumbali imene inathetsa ukapolo. Ku Kansas ndi ku Montana unamuika kumbali yolanda.

Little Bighorn

Pangano la ku Fort Laramie la mu 1868 linanena kuti mapiri a Black Hills ndi a anthu a Lakota. Mu 1874 ulendo wa Custer unapeza golide m'mapiriwo, ndipo okumba anakhamukirako. Boma linayesa kugula, a Lakota anakana. Ndiye linalamula kuti onse okhala kunja kwa malo amene boma linawapatulira akhale atafika pofika pa 31 Januwale 1876, m'kati mwa chisanu choopsa, apo ayi atengedwa ngati adani. Atsogoleri a Lakota, Sitting Bull ndi Crazy Horse, pamodzi ndi anzawo sanapite.

Magulu atatu ankhondo ananyamuka kuchokera mbali zitatu. A 7th Cavalry anachoka ku Fort Abraham Lincoln pa 17 Meyi pansi pa Jenerale Alfred Terry. Keogh asananyamuke anali atagula inshulansi ya moyo ya madola 10,000 ndipo analembera a Martin kuti akafa akamuike ku Auburn. Pa 17 Juni gulu la Jenerale George Crook, lochokera kummwera, linabwezedwa pa mtsinje wa Rosebud, ndipo enawo sanadziwe. Pa 22 Juni Terry anatuma Custer ndi anthu pafupifupi 600 kuti atsate mapazi a mudzi waukulu. Malupanga anali atawasiya m'mabokosi kumsasa. Aliyense ananyamula mfuti ya Springfield yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, ndi zipolopolo 100, theka pathupi, theka m'matumba a chishalo, komanso mfuti yaing'ono ya m'chiuno.

Mudziwo unali m'mbali mwa mtsinje wa Little Bighorn, wa anthu pafupifupi 7,000, ndipo amuna otha kumenya nkhondo analipo pakati pa 1,500 ndi 2,000. Mantha a Custer sanali oti agonja, anali oti anthuwo abalalika asanawagwire, chifukwa ndi zimene zinkachitika kawirikawiri. N'chifukwa chake pa 25 Juni anagawa gulu lake. Timagulu titatu anapatsa Kaputeni Frederick Benteen kuti akafufuze kumanzere, titatu anapatsa Meja Marcus Reno kuti awoloke mtsinje n'kuukira mudzi chakummwera, kamodzi kanatsala ndi nyulu za katundu, ndipo iye anatenga tisanu, anthu pafupifupi 210, n'kudzera pa zitunda za kum'mawa kwa mtsinje. Pa tisanuto, titatu tinali m'manja mwa Keogh: C, I ndi L.

Reno anabwezedwa mofulumira n'kuthawira pa phiri atataya anthu ambiri. Custer ataona kukula kwa mudzi anatuma woimba lipenga wa ku Italy, Giovanni Martini, ndi kakalata kouza Benteen kuti afulumire ndipo abweretse katundu. Benteen anapeza a Reno ali balalabalala, n'kuima pomwepo. Zimenezi zinamasula ankhondo onse a m'mudzi kuti atembenukire kwa Custer.

Mwa anthu 210 aja palibe anatsala woti afotokoze. Zimene zikudziwika zimachokera kwa a Lakota ndi a Cheyenne amene anamenya nawo, malo amene mitembo inapezeka, ndi makatiriji amene akatswiri ofukula zakale, Douglas Scott ndi Richard Fox, anatola mu 1984 ndi 1985 moto utatentha udzu wa pamalopo. Maumboni amenewa akaikidwa pamodzi, chithunzi chimene akatswiri ambiri amagwirizana nacho ndi ichi. Custer anapitirira chakumpoto ndi timagulu tiwiri, n'kusiya Keogh kummwera kwa chitunda chachitali, mbali imene Benteen akanatulukira. Kagulu L ka Lefitenanti James Calhoun kanatsika pa akavalo n'kuyala mzere, monga mwa buku. Kagulu I kanali kuseri kwa chitunda ngati kodikirira. Kwa kanthawi mzerewo unagwira.

Koma pano mdani sankabwera ndi msewu. A Lakota ndi a Cheyenne nawonso anatsika pa akavalo awo, n'kumakwawa m'zigwembe ndi m'maudzu kuchokera mbali zonse, kudzuka, kuomba, kubisalanso. Ena anali ndi mfuti za Henry ndi Winchester zoomba kambirimbiri osadzazanso, zabwino kwambiri pafupi kuposa Springfield. Ena ankaponya mivi m'mwamba kuti igwere kuseri kwa chitunda pamene panali akavalo. Ankadziwa bwino pofooka pa mzere wotere: analimbana ndi ogwira akavalo, kukuwa ndi kukupiza mabulangete mpaka nyamazo zinadula n'kuthawira kumtsinje ndi zipolopolo zomwe. Kagulu C katatsetserekera m'chigwembe kuti kabalalitse oyandikira, mtsogoleri wa a Cheyenne, Lame White Man, anatsogolera anzake kukakankha, ndipo othawa anagwera pa mzere wa Calhoun, umene unasweka. Otsala anathamangira kwa Keogh. Pamenepo Crazy Horse ndi anthu ake anadutsa pa mpata wa chitundacho n'kuwadula pakati. Zitatu za ku Gettysburg zija, pano panalibe ngakhale chimodzi.

Kagulu I kanali ndi anthu osakwana 40, ndipo onse anathera pomwepo kapena akuthamangira kwa Custer. Asilikali a Terry atafika pa 27 Juni, mtembo wa Keogh unapezeka pamalo otsika kum'mawa kwa chitunda, atazunguliridwa ndi masajeni ake ndi woimba lipenga wake. Bondo lake lamanzere linali litaphwanyidwa ndi chipolopolo, ndipo kavalo wake anali ndi bala pamalo ogwirizana ndi pamene bondolo likanakhala, zimene zikusonyeza kuti anaomberedwa ali pamsana, anthu ake n'kusonkhana pamene anagwera. Anamuvula zovala ngati ena onse, koma thupi lake sanalidule monga anachitira ambiri. M'khosi munali kamendulo kachipembedzo, ndipo anthu ambiri amati ndiko kanachititsa kuti amusiye, ngakhale ena amati ankalemekeza mmene anamenyera.

Onse a 7th Cavalry amene anafa pa nkhondoyi, kuphatikizapo a Reno ndi ovulala amene anamwalira pambuyo pake, anali 268. Oposa 30 mwa iwo anali obadwira ku Ireland. Kumbali ya eni mudzi anafa osakwana 100, Lame White Man ali m'gulu lomwelo.

Kavalo, manda ndi linga

Kavalo wa Keogh, Comanche, anapezeka ali moyo ndi mabala angapo. Anamukweza sitima ya pamtsinje ya Far West pamodzi ndi asilikali ovulala, imene inayenda makilomita oposa 1,100 m'maola 54 kukafika ku Bismarck. Atachira, Kenelo Samuel Sturgis, mkulu wa 7th Cavalry, analamula mu 1878 kuti asadzakweredwenso ndi munthu kapena kugwira ntchito. Anafa ku Fort Riley mu Novembala 1891, ndipo chikopa chake chinakonzedwa n'kuimikidwa, moti mpaka lero ali m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ya University of Kansas ku Lawrence. Kwa zaka zambiri ankamutcha yekhayo wopulumuka pa nkhondoyo. Mawu amenewa amaiwala asilikali oposa 300 a Reno ndi Benteen, akavalo ambirimbiri amene opambana anatenga, ndiponso opambanawo, amene analipo zikwi. Comanche anasiyidwa chifukwa anali wovulala kwambiri, wosathandiza aliyense.

Mafupa a Keogh anafukulidwa mu 1877 n'kukaikidwa ku manda a Fort Hill ku Auburn mu Okutobala, monga mwa pempho lake. Chaka chomwecho boma linalanda Black Hills mwa lamulo la nyumba ya malamulo, Crazy Horse anadzipereka n'kuphedwa ali m'manja mwa asilikali, ndipo Sitting Bull anathawira ku Canada. Mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti mapiriwo analandidwa mosatsata pangano n'kulamula chipukuta misozi choposa madola 100 miliyoni, koma a Lakota anakana ndalamazo ponena kuti akufuna nthaka. Malo a nkhondo aja ankatchedwa dzina la Custer mpaka mu 1991, ndipo chikumbutso cha a Lakota, a Cheyenne ndi anzawo a mtundu wa Arapaho chinatsegulidwa mu 2003.

Linga limene Kenelo Nelson Miles anamanga pamene mtsinje wa Tongue umathira mu Yellowstone, lomwe anagwiritsa ntchito posakasaka a Lakota ndi a Cheyenne mpaka kuwagonjetsa, analitcha Fort Keogh. Nkhondozo zitatha linasanduka malo osonkhanitsira ndi kuphunzitsira akavalo a asilikali, ndipo ambiri ochokera kumeneko anatumizidwa ku nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mu 1924 linaperekedwa ku unduna wa zamalimidwe, umene ukuchitirapobe kafukufuku wa ng'ombe ndi msipu, pafupi ndi tauni ya Miles City.